Foni Yafika Paliponse, Koma Woyankha Akusowa

Munthu waona kuti ndalama zachotsedwa kawiri pa akaunti yake pa chinthu chimene anagula kamodzi kokha. Watembenuza khadi lake la kubanki, wawerenga nambala yolembedwa kuseri, n'kuimba. Foniyo isanalire n'kawiri komwe yayankhidwa, koma woyankhayo ndi mawu ojambulidwa amene akumulandira mwaulemu n'kuyamba kumuwerengera mndandanda: kuti mumve ndalama zimene zatsala dinani 1, ngati khadi lanu latayika dinani 2, kuti mumve za ngongole dinani 3. Vuto lake palibe pamndandandapo, choncho wangodina nambala imene ikuoneka kuti yayandikirako, ndipo nambalayo yamutsegulira mndandanda wina. Pamapeto pake mawuwo amuuza kuti onse othandiza makasitomala ndi otanganidwa, nyimbo n'kuyamba, ndipo mphindi iliyonse nyimboyo ikudukizidwa ndi mawu omutsimikizira kuti foni yake ndi yofunika kwambiri, asadule. Patatha mphindi 25 munthu weniweni wayankha, wafunsa dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya akaunti imene woimbayo anaidina kale pa mabatani poyamba paja, wamvetsera nkhani yonse modekha, kenako wanena kuti nkhani yotere ndi ya dipatimenti ina ndipo amulumikiza kumeneko. Polumikizapo foni yaduka.

Zimenezi zikuchitika m'nthawi imene kutumiza mawu a munthu kuchokera mbali ina ya dziko lapansi kupita mbali ina kwaphweka ndi kutsika mtengo kuposa kale lonse. Bungwe la International Telecommunication Union, lomwe ndi nthambi ya United Nations, limasonyeza kuti manambala a mafoni a m'manja amene akugwira ntchito padziko lonse aposa 8 biliyoni, kutanthauza kuti manambala achuluka kuposa anthu eni ake. Munthu angathe kucheza ndi m'bale wake wa kutsidya kwa nyanja akuonana nkhope, koma munthu yemweyo amalephera kupeza womumvetsera ku kampani imene amailipira mwezi ndi mwezi. Kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene nthawi zambiri timaziphatikiza. China ndi njira imene mawu amadutsa, ndipo imeneyi akatswiri aikonza modabwitsa. China ndi munthu amene wakhala kumapeto kwa njirayo, mphamvu zimene wapatsidwa, ndi muyeso umene mabwana ake amamuyezera, ndipo zimenezi sizikonzedwa ndi waya kapena nsanja za netiweki.

Madandaulo okhudza oyankha foni ndi akale ngati foni yomweyo. Alexander Graham Bell analandira chiphaso cha umwini wa luso la telefoni mu 1876, ndipo mu Januwale 1878 malo oyamba olumikizira mafoni a anthu wamba anatsegulidwa mumzinda wa New Haven ku America. Masiku amenewo munthu sankadina nambala, ankangouza wolumikiza kuti akufuna kulankhula ndi uje, ndipo wolumikizayo ankawalumikiza ndi manja pa bolodi. Oyamba kugwira ntchitoyi anali anyamata achichepere, ambiri ochokera ku ntchito ya telegalafu, koma anatchuka ndi mwano ndi kuseweretsa makasitomala mpaka makampani anayamba kulemba akazi, ndipo woyamba mwa iwo anali Emma Nutt amene anayamba ntchito ku Boston mu Seputembala 1878. Patapita zaka zingapo Almon Strowger, amene bizinesi yake inali yokonza maliro ku Kansas City, anapanga makina olumikiza mafoni popanda munthu ndipo analandira chiphaso chake mu 1891. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti iye ankakayikira kuti wolumikiza mafoni wa m'dera lake ankapatutsira mafoni a anamfedwa kwa wopikisana naye. Makina a Strowger anachotsa munthu amene ankaima pakati pa woimba ndi woimbiridwa, pamene makina amene timakumana nawo lero aikidwa dala pamalo omwewo kuti azisankha amene afike kwa munthu ndi amene asafike.

Malo oyankhira mafoni a makasitomala monga tikuwadziwira lero, amene ambiri amangowatchula kuti call centre, anachokera ku zinthu zitatu zimene zinabwera m'zaka khumi zokha. Mu 1963 makampani a Bell ku America anayamba kupereka mafoni a mabatani, amene batani lililonse limatulutsa kaphokoso kakekake koti makina angathe kukazindikira, ndipo kaphokoso kameneka ndi kamene kanatheketsa mndandanda wa dinani 1, dinani 2. Mu 1967 kampani ya mafoni ya AT&T inayambitsa manambala oyamba ndi 800, amene woimba salipira kanthu chifukwa mtengo wa foniyo umagwera kampani yoimbiridwa. Mu 1973 kampani ya Rockwell inapangira kampani ya ndege ya Continental Airlines makina ogawa mafoni, amene amaika oimba pamzere n'kupereka aliyense kwa wogwira ntchito amene wangomasuka. Pa nthawiyo zonsezi zinali zokomera kasitomala, popeza zinalowa m'malo mwa kulemba kalata n'kudikira yankho kwa masabata, kapena kuimba kambirimbiri n'kumapeza kuti laini ili ndi wina.

Pali chinthu chimene chinasintha mwakachetechete pambuyo pake, ndipo sichitchulidwa kawirikawiri. M'masiku amene kampani inkalipira mtengo wokwera pa mphindi iliyonse ya foni yochokera kutali, kusunga kasitomala pamzere kunali kutaya ndalama za kampaniyo, choncho inali ndi chifukwa chakechake choyankhira msanga. Mawaya a fibre otumiza mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala, mpikisano wa makampani a mafoni ndi kutumiza mawu kudzera pa intaneti zagwetsa mtengo wa mphindi kufika pochepa kwambiri, pamene malipiro a oyankha, amene ndi gawo lalikulu kuposa onse la ndalama zoyendetsera call centre, sanatsike chimodzimodzi. Lero kusunga anthu mazana pamzere akumvetsera nyimbo sikupweteka thumba la kampani, koma kulemba anthu ena oti awayankhe kumapweteka. Kupita patsogolo kwa luso, kumene tinkayembekezera kuti kufupikitsa mzere, ndi komweko kumene kwachititsa kuti mzere wautali ukhale wotsika mtengo kwa mwini wake. Mtengo wa kudikira wangosamukira kwa woimba, amene amalipira ndi nthawi yake, ndipo kumene manambala otere si aulere amalipiranso ndi mayunitsi ake.

Chiwerengero cha oyankha sichiganizidwa mwachisawawa. Chimawerengeredwa ndi masamu amene anayambitsa Agner Krarup Erlang, katswiri wa ku Denmark amene ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni ya ku Copenhagen ndipo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake mu 1909 ndi mu 1917. Erlang anaona kuti mafoni safika mwadongosolo ngati asilikali pa perete. Amafika mwa apo ndi apo, nthawi zina asanu pakamodzi, nthawi zina palibe n'imodzi yomwe, ndipo ena amatha pa mphindi imodzi pamene ena amatenga theka la ola. Chifukwa cha kusalongosoka kumeneku mzere umayamba kukula woyankha asanafike n'komwe potanganidwa nthawi yonse. Tiyerekeze kuti pali woyankha mmodzi, foni iliyonse imatenga mphindi 6 tikatengera pakati, ndipo palibe woimba amene akudula chifukwa chotopa. Woyankha ameneyu angathe kumaliza mafoni 10 pa ola. Ngati pa ola pakufika mafoni 5, woimba amadikira mphindi 6 tikatengera pakati. Akamafika 8, kudikirako kumakwera kufika mphindi 24, ndipo akamafika 9 kumafika mphindi 54, ngakhale kuti papepala woyankhayo akadali ndi mpata wa foni imodzi pa ola lililonse. Foni imodzi yokha yowonjezera pa ola yachulukitsa nthawi yodikira kuposa kawiri.

Mu call centre yaikulu ya anthu mazana manambalawa amakhala ofewerapo, chifukwa wina akatanganidwa mnzake amamasuka, koma phompho ndi lomwelo, langosunthira patsogolo pang'ono. Bwana amene akuyang'ana ogwira ntchito ake n'kuona kuti ena akhala chete mphindi zingapo popanda foni amaona ngati ndalama zikuwonongeka, pamene mphindi zopanda ntchitozo ndi zimene zimagulira kasitomala yankho lachangu. Akachepetsa anthu kuti aliyense azikhala pafoni nthawi yonse, pamangofunika kuti ochepa adwale, kapena netiweki ivute kwa ola limodzi anthu ambiri n'kuimba nthawi imodzi, basi mzere wathawa ndipo subwereranso mpaka madzulo. Apa ndi pamene pamachokera uthenga uja wakuti tikulandira mafoni ochuluka kuposa masiku onse. Uthengawu ukamamveka Lolemba lililonse m'mawa ndi kumapeto kwa mwezi uliwonse, nthawi zimene kampani iliyonse imadziwa kale kuti mafoni amachuluka, ndiye kuti si mafoni amene achuluka modzidzimutsa, oyankha ndiwo anachepetsedwa mwadala. David Maister, polemba za maganizo a anthu odikira pamzere mu 1985, anasonyeza kuti kudikira kosadziwika malire kumaoneka kutalika kuposa kudikira kodziwika malire ake, ndipo makina otha kuuza woimba malo ake pamzere kapena kumuimbiranso nthawi yake ikakwana alipo kwa zaka zambiri. Si makampani onse amene amawagwiritsa ntchito.

Foni ikayankhidwa, wotchi ina imayamba kuyenda. Muyeso wotchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi wakuti mafoni 80 pa 100 alionse ayankhidwe mkati mwa masekondi 20, ndipo muyeso umenewu sunena kanthu za mafoni 20 otsalawo, amene angathe kudikira mphindi ziwiri kapena ola lathunthu lipoti likuonekabe bwino. Muyeso wachiwiri ndi wa nthawi imene woyankha amatha pa foni iliyonse, kuphatikizapo mphindi zolemba pakompyuta foniyo ikatha. Pa sikirini ya woyankha pamakhala wotchi imene ikuwerenga masekondi, ndipo m'malo ambiri pakhoma pamakhala bolodi losonyeza chiwerengero cha anthu amene ali pamzere. Munthu amene akudziwa kuti kumapeto kwa mwezi adzafunsidwa chifukwa chimene mafoni ake amatalikira amaphunzira msanga njira zofupikitsira: kupereka yankho loyamba limene lingachititse woimba kudula, kumutumiza ku dipatimenti ina ngakhale akanatha kuyesako, kapena kulonjeza kuti wina amuimbira mkati mwa maola 48. Palipoti foni yotere imalembedwa kuti yathandizidwa m'nthawi yake. Woimbayo akadzaimbanso mawa pa nkhani yomweyo, foni yake idzawerengedwa ngati yatsopano.

John Seddon, katswiri wa ku Britain wa kayendetsedwe ka ntchito, anapereka dzina ku mtundu umenewu wa mafoni, lakuti failure demand, kutanthauza ntchito imene yabwera chifukwa chakuti bungwe linalephera kuchitira kasitomala chinthu, kapena linachichita molakwika poyamba. Amene akuimba kufunsa chifukwa chimene sanamuimbire monga analonjezera, amene sakumvetsa bilu yolembedwa mosokoneza, amene katundu wake sanafike tsiku limene anauzidwa, onsewa sakufuna chinthu chatsopano, akutsatira cholakwika chakale. Gwero la mafoni otere kawirikawiri limakhala kunja kwa call centre, ku dipatimenti yolemba mabilu, yotumiza katundu kapena yotsatsa malonda imene inalonjeza zimene kampani singathe, koma mzere umene umatalika ndi wa oyankha foni. Kampani ikafuna kuchepetsa ndalama pofupikitsa foni iliyonse m'malo mochotsa chimene chikuchititsa anthu kuimba, imadzichulukitsira yokha mafoni.

Vuto lalikulu kuposa onse, m'kuona kwanga, ndi la mphamvu. Woyankha woyamba amakhala ndi mawu olembedwa kale oti awatsatire, kuyambira moni mpaka kutsanzikana, ndipo mafoni amajambulidwa kuti oyang'anira azimvetsera ngati sanadumphe mzere uliwonse. N'chifukwa chake munthu amene wangofotokoza kumene kuti wazimitsa ndi kuyatsanso chipangizo chake katatu amapemphedwabe kuti achizimitse n'kuchiyatsanso. Woyankhayo angathe kuona bwinobwino pa sikirini kuti kasitomala akunena zoona, koma batani lobwezera ndalama silitseguka pa kompyuta yake, limatseguka kwa womuyang'anira, amene ndi mmodzi pa anthu ambiri ndipo nthawi zambiri amati ali pamsonkhano. Mu 2019 akatswiri awiri a zamalonda, Anthony Dukes ndi Yi Zhu, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti dongosolo la masitepe limeneli lingathe kupindulitsa kampani, chifukwa sitepe iliyonse imagwetsa ulesi ena mwa odandaula, ndipo amene wagwa ulesi sabwezeredwa kanthu. Sikuti bwana aliyense amakhala pansi n'kukonza chiwembu chotere. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti dongosolo lovutitsa likayamba kusunga ndalama, palibe amene amakhala ndi chifukwa cholikonzera, makamaka kumene makampani opereka ntchito yofanana ndi ochepa ndipo kasitomala alibe kothawira.

Izi zimaonekera poyera munthu akafuna kusiya kulipira chinthu chimene analembetsa. Kulowa kumatenga mphindi imodzi pa intaneti, koma kutuluka kumafuna kuimba foni, ndipo foniyo imapita ku gulu lapadera limene ntchito yake ndi kunyengerera kasitomala kuti asachoke, mwina malipiro awo n'kumadalira chiwerengero cha anthu amene awabweza. Akatswiri a ku America Richard Thaler ndi Cass Sunstein amatchula zopinga zamtunduwu kuti sludge, mawu otanthauza matope, kunena timavuto ting'onoting'ono timene timaikidwa panjira kuti munthu alephere kufika pa chinthu chimene ndi chake. Chochititsa chidwi n'chakuti makampani omwewo sachedwa kuyankha nambala ya ofuna kugula. Luso loyankhira msanga ali nalo, ndipo amasankha kumene aliike.

Funso limene ambiri amadzifunsa, lakuti n'chifukwa chiyani amafunsidwa zinthu zomwezomwezo katatu pa foni imodzi, lili ndi mayankho awiri. Loyamba ndi lakuti makompyuta a kampani yaikulu si amodzi. Banki kapena kampani ya mafoni imene yakhalapo zaka zambiri, mwinanso inagula makampani ena panjira, imakhala ndi mapulogalamu osiyanasiyana, ina ya mabilu, ina ya madandaulo, ina ya makhadi, ena mwa iwo olembedwa zaka makumi angapo zapitazo, ndipo samvana. Nambala imene woimba anadina poyamba inathandiza makina kusankha mzere woti amuikepo, koma sinafike pa sikirini ya woyankha, amene mwina akutsegula mawindo asanu kapena asanu ndi limodzi kuti apeze nkhani imodzi. Kachetechete amene woimba amamva, n'kumaganiza kuti wanyalanyazidwa, nthawi zambiri amakhala wa munthu amene akudikira kompyuta yochedwa. Yankho lachiwiri ndi la chitetezo. Akuba amaimbira makampani akunamizira kuti ndi eni akaunti, n'kupempha kuti nambala ya foni isamutsidwire pa simu ina kapena kuti nambala yachinsinsi isinthidwe, ndipo akapambana amalanda mauthenga otsimikizira a kubanki. Mafunso otopetsawo ali ndi chifukwa chomveka, ngakhale kuti kuwabwereza pa dipatimenti iliyonse kumangosonyeza kuti madipatimentiwo sapatsirana zimene atsimikizira kale.

Ngakhale mawu enieniwo sanakonzeke monga tingaganizire. Foni yachikale imanyamula mawu a pakati pa mahezi 300 ndi 3,400 okha (hezi ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), zimene ndi zokwanira kumva chiganizo koma zimachititsa kuti zilembo ngati s ndi f zizimveka zofanana, ndipo n'chifukwa chake kutchula dzina kapena nambala ya galimoto pafoni kumavuta. Mafoni amakono angathe kunyamula mawu omveka bwino kuposa pamenepo, koma foni ikamadutsa m'manetiweki angapo kawirikawiri imatsikira pa muyeso wa kachigawo kofooka kuposa tonse. Kutsika mtengo kwa mafoni opita kunja kunalolanso makampani kusamutsira ntchito yoyankha ku mayiko a malipiro otsika, makamaka India kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenako Philippines imene inadzapitirira India pa ntchito ya mafoni cha m'ma 2010. Anthu amakonda kudandaula za katchulidwe ka mawu ka oyankha akunja, koma chovuta chenicheni chili m'mgwirizano wa makampani awiriwo. Woyankha wolembedwa ndi kampani ina, imene imalipidwa potengera mphindi kapena chiwerengero cha mafoni, amakhala kutali kwambiri ndi anthu amene angasinthe chigamulo, kaya ali kutsidya kwa nyanja kapena mumsewu wotsatira.

Palinso kusintha kwina kumene kwalemetsa ntchito ya woyankha. Mafunso osavuta, monga kufunsa ndalama zotsala kapena kusintha adiresi, anthu ambiri tsopano amadziyankhira okha pa app kapena pa webusaiti, choncho mafoni amene amafika kwa munthu ndi ovuta okhaokha, ochokera kwa anthu amene ayesa kale njira zina zonse n'kulephera ndipo afika atapsa mtima. Ntchito yalimba koma malipiro, maphunziro ndi mphindi zololedwa pa foni iliyonse m'malo ambiri sizinasinthe mofanana. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mu call centre nkhonya zimagwera wamng'ono, amene amatukwanidwa chifukwa cha malamulo amene sanawapange, n'kuyenera kuyankha foni yotsatira patangopita masekondi ochepa ndi mawu ansangala. Foni ikatha kasitomala amapemphedwa kupereka malikisi, ndipo malikisi otsika amene waperekera mkwiyo wake pa kampani amalembedwa pa dzina la woyankhayo. N'zosadabwitsa kuti ntchitoyi imadziwika ndi kusiya kwa anthu pafupipafupi, ndipo aliyense wodziwa ntchito akachoka amalowedwa m'malo ndi wina amene waphunzira masabata ochepa ndipo alibe chogwira china koma mawu olembedwa aja.

Chiyembekezo cha makampani ambiri tsopano chili pa AI, mapulogalamu otha kumva ndi kuyankha m'chilankhulo cha anthu. Pa mafunso obwerezabwereza amathandizadi, ndipo sagona usiku. Koma nkhani ziwiri zaposachedwa zikusonyeza malire ake. Mu Febuluwale 2024 bwalo loweruza milandu ing'onoing'ono m'chigawo cha British Columbia ku Canada linagamula kuti kampani ya Air Canada ilipire munthu amene chatbot, pulogalamu yoyankha mafunso ya pa webusaiti yake, inamuuza zolakwika, zakuti angathe kugula tikiti yopita kumaliro pa mtengo wonse n'kudzapempha kuchotseredwa pambuyo pake. Bwalolo linakana maganizo akuti kampani ilibe mlandu pa zimene chatbot yake yanena, ndipo linalamula kuti ipereke madola a ku Canada oposa 800. M'mwezi womwewo kampani ya zachuma ya ku Sweden ya Klarna inalengeza kuti pulogalamu yake ya AI ikugwira ntchito yofanana ndi ya anthu 700 poyankha mauthenga a makasitomala, koma mu 2025 mkulu wake Sebastian Siemiatkowski anavomereza kuti kuika mtima kwambiri pa kuchepetsa ndalama kunatsitsa ubwino wa thandizo, ndipo anati kasitomala ayenera kukhala ndi mwayi wolankhula ndi munthu akafuna. Pulogalamu imene yapatsidwa malire omwewo amene woyankha woyamba anali nawo imangokana mofulumira ndi mwaulemu kuposa iye, ndipo ikaikidwa kutsogolo kwa mzere popanda khomo lotulukira imakhala sitepe ina yowonjezera.

Maboma ena alowererapo. Lamulo la European Union la 2011 loteteza ogula limanena kuti munthu woimbira kampani pa nkhani ya chinthu chimene anagula kale asalipitsidwe kuposa mtengo wa foni wamba, ndipo ku Britain linayamba kugwira ntchito mu Juni 2014. Izi zinatseka njira imene makampani ena ankapezera ndalama pa mphindi zimene kasitomala wadikira. Dziko la Brazil linapita patali mu 2008 ndi lamulo la nambala 6.523, lokhudza makampani oyang'aniridwa ndi boma monga mabanki, a mafoni ndi a ndege. Linalamula kuti mndandanda woyamba weniweniwo ukhale ndi mwayi wolankhula ndi munthu, wodandaula ndi wothetsa mgwirizano, kuti dandaulo lililonse lipatsidwe nambala yolitsatira, ndiponso kuti kasitomala asapemphedwe kufotokozanso nkhani yake woyankha woyamba akailemba. Unduna wa zachilungamo wa dzikolo unaonjezera kuti kudikira kusapitirire mphindi imodzi. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linakhazikitsa mu Okutobala 2024 lamulo lakuti kusiya chinthu chimene munthu analembetsa kukhale kosavuta ngati mmene kulowa kunalili, koma mu Julaye 2025 khothi la apilo linalithetsa lisanayambe kugwira ntchito mokwanira, ponena kuti bungwelo silinatsatire ndondomeko yoyenera polikonza.

Malamulo otere amagwira bwino pa zinthu zowerengeka, monga mtengo wa mphindi, malo a batani pamndandanda ndi masekondi odikira foni isanayankhidwe. Kuyeza ngati vuto la woimba latha n'kovuta kwambiri, chifukwa kumafuna kutsatira nkhani imodzi kwa masiku kapena masabata, kudutsa m'madipatimenti angapo, ndiponso kufunsa mwini wake m'malo mowerenga lipoti la kampani. Kampani imene yalamulidwa kuyankha mkati mwa mphindi imodzi ingathe kuika munthu woti anyamule foni pa sekondi ya 50, apereke moni, afunse dzina ndi tsiku lobadwa, kenako anene kuti chonde dikirani pang'ono ndione. Pamenepo wotchi ya lamulo yaima, ndipo nyimbo ija yayambiranso.